Mmene Tadala Anayambiranso Kuyankhula

Monire mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Mtendere ukhale nanu. Ine ndine mayi ake a Tadala, ndimakhala ku Lupaso, ndimagulitsa mandasi kwa ana a ku yunivesite amene adzaza m'dera mwathu muja.

Tinabwera kuno kumpoto kuchokera ku Balaka, ine ndi amuna anga. Iwo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Akaweruka ankakhala pakhonde ndi Tadala, mitu itagundana, maso pa foni, kusewera gemu yolima dimba. Ine ndinkawaseka kuti bambo wamkulu kuthirira kabichi wosadyeka. Iwo ankangoti, "Amake mwana, za alimi zisiyeni." Tadala ndiye anali wolongolola, pakamwa posatseka.

Kenako ngozi, pa msewu wa ku Katoto. Amuna anga sanafike amoyo kuchipatala.

Titaika maliro, Tadala anasiya kuyankhula. Anasiyiratu, abale. Ukamuitana akuyang'ana, ukamupatsa chakudya akudya, koma mawu osatuluka. Kuchipatala anati pakhosi palibe vuto, vuto lili mumtima, mudikire. Kusukulu aphunzitsi anati zikapitirira chonchi ayambe wakhala kaye pakhomo. Ndinapemphera, ndinadikira. Ndinapempheranso, ndinadikira.

Foni ya bambo ake inapulumuka, galasi lokha ndilo linang'aluka. Tsiku lililonse Tadala ankathirira dimba lija, mizere yomwe anasiya bambo ake. Ubwino wa gemu imeneyi, sinkafuna bandulo, munalibe mfuti, munalibe kuthamangitsana. Koma tsiku lina atatsegula anapeza dothi lokhalokha. Zonse zafufutika.

Mwana sanalire. Anaika foni pampando, n'kukagona chopenya kukhoma. Chakudya anakana. Kwa ine zinali ngati taikanso maliro.

Ndinathamangira kwa Lusungu, mtsikana wa konkuno kumpoto wophunzira za makompyuta amene amachita lendi pafupi nafe. Anayesa, anayesa, kenako anapukusa mutu.

"Anyina Tadala, pepani chomene. Timagemu iti sapanga makampani akuluakulu ayi. Amapanga munthu mmodzi kapena awiri kunyumba kwawo. N'chifukwa chake timafika pamtima. Koma tikawonongeka, palibe ofesi yokadandaulako. Amene anapanga yanuyi anasiya kalekale kuikonza."

"Ndiye dimba la bambo ake?"

"Lapita, mama."

Anatiikira magemu ena amtundu womwewo, ndipo ndikuuzani mmene ndinawaonera ine. Ina inali ya kanyama kodumphadumpha, zithunzi zokongola zedi, koma kakaterereka kamafa, kuyambiranso, kufanso. Imeneyo ndinati aichotse, imfa tinali nayo kale m'nyumba. Ina inali ndi nyimbo yokoma, koma Chingerezi chambirimbiri, timalemba ngati nyerere. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, sindinathe kumuwerengera mwana. Ina inkatenthetsa foni ngati mbaula, batire osachedwa kutha.

Yotsalayo inali yosaoneka bwino n'komwe. Kabwato ngati khoko la mtedza, madzi ngati ojambula mwana. Koma inkafuna anthu awiri pa foni imodzi, wina nkhafi ya kumanzere, wina ya kumanja. Ukapalasa wekha, bwato limangozungulira pamodzimodzi.

Tadala anayesa yekha, bwato kuzungulira. Tsiku lina masana ndikukazinga mandasi ndinangomva akundikoka chitenje. Ndinaphula mafuta, n'kukhala naye pansi. Zala zanga zamafutamafuta, chochita sindikuchidziwa. Tinagunda mwala. Tinagundanso wina. Lusungu ali poteropo akuchapa, akuseka: "Anyina Tadala, mumumiza mwanayo."

Mwala wina ukubwera, ine ndikupalasabe mbali yolakwika, ndinamva timawu tosasa pambali panga.

"Amama, siyani kaye. Ndipalase ine."

Sindinakuwe, abale. Ndinaopa kuti mawuwo angathawenso. Ndinangoti, "Chabwino, mwanangu." Misozi inagwera pagalasi, foni inasokonezeka, bwato n'kugubuduzika. Iye anati, "Mwaonatu." Lusungu anasiya zovala m'bafa n'kulowa m'nyumba, nayenso akulira.

Sindikunena kuti gemu inachiritsa mwana wanga. Wochiritsa ndi Mulungu. Koma njira yake anaidutsitsa m'manja mwa munthu amene sindimudziwa dzina, kudziko limene sindidzafikako, amene anangoganiza kuti bwato lisayende ndi munthu mmodzi. Ambuye amudalitse komwe aliko.

Lero zonse sizinathe ayi. Za bambo ake Tadala sanenabe, ndipo njinga yamoto ikadutsa amangoti zii. Ine ndimalirabe ndikakhala ndekha. Koma mandasi akugulidwa, tikudya, mwana ali pasukulu. Yewo kwa amayi a mumpingo muno amene simunatope kubwera kwathu, yewo kwa Lusungu, ulemu wonse kwa Mulungu.

Sabata yatha aphunzitsi anandiitanitsa. Ndinapita mtima uli m'mwamba. Anati, "Mayi, mwana wanu akusokosa m'kalasi, mukamulangize."

Ndinawagwira dzanja ndi manja onse awiri, ndinati, "Aphunzitsi, tanenaninso."

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.