Chindongwa cha apongozi anga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Dzina langa sinditchula, poti kukhulupirira anthu ndikuphunzira kumene, ndipo ena a inu sindikudziwani. Vuto langa silinali njala kapena ulova. Anali mantha amene ndinawatola m'nyumba yopemphereramo, ndipo anatsala pang'ono kundidanitsa mpaka kalekale ndi mayi amene sanandilakwire.

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Nkhamanga, kufupi ndi Bolero, komwe ndimaphunzitsa kupulayimale. Apongozi anga, aNyaMsiska, anandilandira ndi manja awiri. Chitumbuka changa chinkawaseketsa, nawonso Chichewa chawo n'chongogwiragwira, koma tinkamvana. Loweruka lililonse ankandibweretsera chindongwa, chomwe kwathu timati thobwa, m'chigubu chachikasu chotseka ndi chitsononkho.

Nditapita padera kachiwiri, mtima unandisweka. Mnzanga wina anandiperekeza kwa mneneri wina wa ku boma. Tisanalowe ndinakhala pabenchi ndi mayi wovala chitenje chakutha, amene anati nayenso akusowa mwana. Tinalira limodzi, ndipo ndinamukhuthulira zakukhosi. Mapemphero atafika pachimake, mneneri anandiloza.

"Mayi inu, ndikuona chigubu chachikasu, kukamwa kwake kuli chitsononkho. Ana anu akuthera m'menemo."

Munthu woti sitinaonanepo, akanadziwa bwanji?

Kuyambira tsikulo chindongwa ndinkachilandira ndi "yewo", zikomo wa Chitumbuka, apongozi akangopotoloka n'kukachithira kudzala. Koma kukayikira sikukhala pamalo amodzi. Kusukulu ndinkasuzumira pansi pa mpando ndisanakhale. Mphunzitsi mnzanga akayamikira diresi langa, sindinkalivalanso. Mwamuna wanga akaikira kumbuyo mayi ake, ndinkati nayenso anamudyetsa. Mneneri ankatiuza kuti aliyense wotsutsa watumidwa ndi mdima, choncho ndinalibe womufunsa nzeru. Ndinaonda, ndipo popemphera sindinkatsinzinanso maso onse awiri.

Apongozi anaona, koma sanandifunse. Anangoyamba kundichitira zimene anthu amachitira mlendo wosamudziwa: kuthira m'kapu, kumwako iwo kaye, kenako n'kundipatsa. Kuchotsa ufiti, monga timanenera. Mayi wamkulu kudzichepetsa choncho kwa mkazi wa mwana wake! Koma ine m'malo mochita manyazi ndinkati mumtima, mwini mankhwala sangafe nawo. Ndinkangogunditsa kapu pamilomo n'kuika pansi.

Chaka chinatha. Tsiku lina ndinapemphera mokalipa ndithu: Mulungu, ndatopa, ngati pali amene akundinamiza mundionetse. Patapita milungu ingapo ndinapita kumsika wa ku boma kukagula nyemba, ndipo wogulitsa anali mayi wa pabenchi uja. Anandizindikira n'kuyang'ana kumbali. Ndinamufunsa ngati analandira mwana.

"Mama, ine ndili ndi ana asanu," anatero motsitsa mawu. "Pabenchi paja inali ntchito. Tinalipo anayi, timacheza ndi alendo, kenako timakanena kuseri mapemphero asanayambe. Za chigubu munandiuza ndinu. Ndinachokako, koma nkhope yanu imandisowetsa mtendere. Pepani chomene."

Musaganize kuti ndinadumpha ndi chimwemwe. Ndinayamba ndamukayikira iyeyo. Wamutuma ndani? Apongozi? Ataona nkhope yanga anawonjezera kuti, "Munati chitsononkho chija chimakuseketsani, chifukwa kwanu mumatsekera kapulasitiki." Pamenepo ndinakumbukira. Mawu amenewo ndinawanena ndi pakamwa pangapa, uku ndikupukuta misozi. Vumbulutso lija linali nkhani yanga yomwe, yongodzera khomo lakuseri.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Ndinakwiyira mneneri, ndinadzikwiyira ndekha, ndipo kwa miyezi ndinaleka kupita kutchalitchi kulikonse. Kuchipatala anandipima n'kupeza vuto loti lili ndi dzina komanso mankhwala. Namwino wa kumeneko ankandimvetsera popanda kuona masomphenya, ndipo ndinaphunzira kuti kufunsa mafunso si tchimo.

Chovuta kwambiri chinali chitatsala. Loweruka lina apongozi anafika monga mwa masiku onse, anathira m'kapu n'kuikweza kukamwa kwawo. Ndinawagwira dzanja.

"Amama, lero musalawe."

Ndinatenga kapuyo n'kumwa mpaka kuuma.

"Mwana wane," anatero, "chaka chonse nkhuku zako zakhala zikunenepa ndi chindongwa changa."

Kani ankadziwa za kudzala, koma sanaphonye Loweruka ndi limodzi lomwe. Ndinagwada n'kulira, iwo akundisisita kumsana.

Mwana sanabwere panobe, ndipo kutchalitchi kumene ndabwerera ndimakhala pafupi ndi khomo. Komabe ndikuyamika Mulungu amene sanakwiye ndi pemphero langa laukali, ndiponso mayi wa nyemba amene analimba mtima n'kuulula. Inu amene munavulazidwa m'dzina la Mulungu, musataye mtima, ndipo musadzikakamize kuchira msanga. Koma wina akakuuzani kuti mdani wanu ndi amene amakudyetsani, yambani mwadzifunsa kuti munakhala ndi ndani pabenchi.

Chigubu chachikasu chimabwerabe Loweruka lililonse, ndipo woyamba kumwa ndimakhala ine.