Gitala Yonong'ona ya Kwaya

Nditatunga madzi, kuchapa matewera ndi kukayezetsa mwana kusikelo, ndinakhala pasiteji ya Chama kudikira basi. Pafupi nane bambo wina anafukata gitala yamagetsi, munthu wodutsa n'kuima.

"Yabwino iyi, akulu. Khosi lake n'lowongoka."

"Yabwino chani! Ndinasiya yotchipa, ndinasiya yodula, n'kusankha yapakati. Manje imvani, ikungonong'ona ngati udzudzu. Wasitolo uja wandibera!"

"Ampulifaya munagula?"

"Ndiye chani chimenecho?"

"Bokosi lokweza mawu. Popanda ilo siimveka. Nanga magetsi muli nawo?"

"Kutchalitchi kwathu ku Kambombo? Achokera kuti?"

"Ndiye akwaya mukawauza chani?"

"Musandifunse zimenezo! Pa Sondo akwayawo akudikira kuvina. Azimayi a kwaya anagulitsa matumba khumi a chimanga, ine ndinaikapo mbuzi yanga, komanso ndataya masiku atatu panjira."