Mayi amene ananyamula utsi wa mzinda pachifuwa

Malemu achemwali athu, amene tawagoneka pano lero, anabadwa pa 9 Ogasiti 1968, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anaiyamba mu 1975, koma anaisiyira panjira mu 1982 bambo athu atamwalira. Mu 1989 anakwatiwa ndi alamu athuwa, akalipentala, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1996 analembedwa ntchito yosesa misewu ya mumzinda. Malo awo anali pa mphambano yaikulu ya pafupi ndi depoti ya mabasi, pomwe malole amandandalika injini zikulira. Ankafika kunyumba nsidze zili mbuu, akamina mphuno kutuluka zakuda bii. Alamu ankawaseka kuti anakwatira wootcha makala osadziwa.

Mu 2019 kunabwera mayi wina wachitsikana wochokera ku yunivesite, wofufuza za mpweya. Ankafuna anthu oti aziyenda ndi kachipangizo koyeza utsi umene munthu amapuma pa tsiku. Osesa anzawo anakana, amvekere mabwana akufuna kuwajambula mawu. Malemu anakamangirira pachifuwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka anzawo anawatcha Mayi Wayilesi.

Manambala a kachipangizoko, pamodzi ndi a anthu ena makumi anayi, wofufuzayo anawalowetsa mu kompyuta. Anawaphatikiza ndi kuchuluka kwa magalimoto, komwe mphepo imalowera, ndiponso chiwerengero cha odwala chifuwa m'zipatala. Panatuluka mapu a mzinda wonse, malo a utsi wambiri akuoneka ofiira. Mphambano ya malemu inali yofiira psuu, ndipo sukulu ya pulayimale yoyandikana nayo inali mofiira momwemo. Kompyutayo inasonyeza kuti depoti ikapanda kusamuka, ana odwala mphumu pasukulupo adzachuluka kawiri m'zaka khumi. Malemu anaumirira kuti awapatse mapu awoawo, poti utsiwo anaupuma ndi iwo.

Pa 16 Malichi 2021 akuluakulu a mzinda, omwenso anali mabwana awo a malemu, anaitanitsa msonkhano. Atawaona mapuwo anati n'zongoyerekeza za pa kompyuta. Malemu, amene sanaitanidwe n'komwe, anaimirira ali mu yunifolomu yawo, n'kuvula kansalu kotchinga pakamwa, n'kukaika patebulo la wapampando. Anati, "Bwana, kansaluka ndakavala koyera m'mawa womwe uno. Kodi yakadetsa ndi kompyuta?"

Sabata isanathe malemu analandira kalata yowachenjeza kuchokera kuntchito. Anaipinda bwinobwino, n'kupita nayo kwa alamu kuti aiikire felemu. Kenako anayamba kuyenda khomo ndi khomo, kuonetsa makolo a pasukulu paja pamene ana awo amakhala pa mapuwo. Mu 2022 malole analetsedwa kuima pafupi ndi mpanda wa sukulu. Depoti ikadali pomwepo.

Chifuwa chinawayamba chaka chomwecho. Mu Okutobala 2023 achipatala anapeza kuti mapapo awo awonongeka kwambiri, ndipo adokotala anafunsa kuti amasuta ndudu zingati pa tsiku. Anamalira, achemwali athu sanaikepo fodya pakamwa chibadwire. Miyezi yomaliza ankalephera kuyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo osapumira panjira, komabe ankatuma ana kukafunsa tsiku la msonkhano wotsatira. Anatisiya pa 3 Juni 2024, ali ndi zaka 55.

Manong'onong'o tawamva. Ena akuti analodzedwa, ena akutchula matenda ena. Ife abanja tikukana pamaso panu nonse. Chimene chawapha tikuchidziwa, chinayezedwa, ndipo chili papepala. Akuntchito kwawo, nkhata yamaluwa mwabweretsayi tailandira ndi ulemu, koma malemu sanakupempheni maluwa. Anakupemphani kuti musamutse depoti. Lachinayi likubwerali mwana wawo woyamba adzakhala pamsonkhano wanu, ndipo tonse tidzamuperekeza.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, komanso ife abale awo anayi otsala. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, osesa anzawo amene anasinthana kuwadikirira kuchipatala, mayi wofufuza amene ali nafe pano, ampingo, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatigwira dzanja.

Achemwali, mwavutika nawo mpweya nthawi yaitali. Mzimu wanu uuse mumtendere. Nkhondo yatsalayi tisiyireni ife.