Nsalu ya Dipen Imene Ndinapukutira Nsapato

Abale anga, ndakhala mlonda kuno kudziko la eni, ku Msheireb, zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zonsezo ndinali munthu wodzimva, woledzera mobisa. Kwathu ku Mchinji ndinasiya mkazi ndi mwana wamkazi, Tadala, akadali kubere. Nthawi ya livu ikakwana sindinkapita. Foni yomwe kuimba kwake kunali kwa apo ndi apo. Ndinkati bola ndikutumiza ndalama, ubambo ndi womwewo.

Ku kampu ndinkagona chipinda chimodzi ndi Dipen, mlonda mnzanga wa ku Assam, ku India. Iye nkhani yake inali imodzimodzi, yobwerera kwawo kukatsegula kashedi kolukiramo nsalu ndi mkazi wake. Ndinkamuseka. Ati bizinesi ya ulusi! Nditamufunsa ngati adzalemera nazo, anapukusa mutu. Anati kwawo madzi osefukira amakokolola minda chaka ndi chaka, amuna amathawira kutali, ana n'kumakula okha.

"Sindikufuna chuma," anatero. "Ndikufuna ntchito yoti mwana wanga akaweruka kusukulu azindipeza."

M'chaka cha korona lamulo linasintha, munthu ankatha kusiya ntchito osagwadira abwana. Dipen anati khalasi, kutanthauza kuti basi kwatha, akubwerera kwawo. Potsanzika anandikoleka m'khosi nsalu yoyera ya mizere yofiira, yoluka mkazi wake. Kwawo amaipereka kwa munthu amene amamulemekeza. Ine ndinaivula n'kupukutira nsapato za yunifolomu, mwini wake akuona. Anangonyamula chikwama chake.

Patapita miyezi inayi korona inatenga mkazi wanga. Maliro ndinaonera pa foni, ndili pa shifiti. Nditapempha kulankhula ndi Tadala, ndinamumva akufunsa azakhali ake kuti, "Amenewo ndani?" Foniyo anakana kuigwira.

Abale, ndinatha. Ndinamwa masabata atatu, ndipo imfa ndinkailakalaka.

Lachisanu lina ndikusesa ndinapeza nsalu ija pansi pa bedi, yabii ndi polishi. Ndinaichapa, osayera. Ndinabwereza, ayi ndithu. Pomwepo m'bafamo ndinagwada. Ndinalira ngati mwana. Ndinauza Yesu kuti ndanyoza mnzanga, ndataya mkazi, mwana wanga sandidziwa, ndipo wondilakwira palibe koma ine ndemwe. Tangoganizani, Mulungu anandilalikira kudzera mwa Dipen, munthu amene sanalowepo m'tchalitchi.

Kuyambira tsiku limenelo mowa sindinaulawenso. Ntchito ndasiya, Lachiwiri ndikukwera ndege. Ndikatsegula kamalo kokonzera njinga pamsika wa kwathu.

Sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Mkazi wanga sadzauka. Tadala mpaka lero sanandiyankhepo, ndipo sindikudziwa ngati akandilole kukhala naye pamkeka umodzi. Koma Yesu anandilandira ndili wonyansa chonchi, dzina lake lilemekezeke.

Ngati alipo pano amene mwana wake sangamuzindikire atakumana pamsewu, asadikire maliro ngati ine. Abwere kutsogolo kuno, tigwade limodzi.