Kutsogolo Kusaime Munthu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1993, m'chipinda cha kuseri kwa shopu yomwe bambo athu ankakonzeramo mawotchi. Anali chitsirizira m'banja la ana anayi, ndipo ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo wamkulu. Abale andipempha kuti ndiwerenge mbiriyi mofatsa. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza.

Asanayambe n'komwe sukulu, malemu ankaima pakati pa shopu, maso ali chitsinzinire, n'kuloza wotchi yomwe ikutsalira pa zinzake. Bambo anawapatsa dzina loti Khutu, ndipo linawakanirira mpaka kukula. Mu 1999 anayamba sukulu, ndipo pofika sitandade 6 anali akuimbitsa kale kwaya, m'manja muli sipoko ya njinga yomwe anandibera ine.

Mu 2011 anasankhidwa kupita ku koleji ya zoimbaimba, komwe anaphunzira piyano, kupeka nyimbo ndi kuimbitsa. Mu 2016 analembedwa ntchito ku gulu lalikulu la oimba ndi mavayolini, zitoliro ndi malipenga, ngati wothandizira woimbitsa wamkulu. Kuthandizako kunali kotere: malemu ankakonza mipando, kukopera aliyense mzere wake wa nyimbo, n'kutuluka thukuta ndi gululo miyezi yathunthu. Tsiku la konsati likafika, bwana, woimbitsa wamkulu uja, ankatulukira atatchena suti, n'kukolola m'manja monse.

Malemu anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Ankabisa sipoko ija kumbuyo, n'kuuza oimba kuti, "Musadalire dzanja langa. Mverani mpweya wa mnzanu." Anthu onse aja ankakoka mpweya limodzi, n'kuyamba nyimbo ngati munthu mmodzi. Bwana ankati zimenezo ndi zachibwana.

Mu 2019 anakwatiwa ndi alamu athuwa, woimba vayolini m'gulu lomwelo, ndipo mu 2021 anadalitsidwa ndi mwana wamkazi. Chaka chomwecho bambo athu anatisiya, malemu n'kuyamba kupeka nyimbo yaitali yowakumbukira. Ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono, monga inkagundira wotchi yaikulu ya pakhoma la shopu. Inawatengera zaka zitatu, akulemba pathebulo lodyera, mwana ali pamwendo.

Mu Febuluwale 2024 anapezeka ndi matenda a impso. A komiti ya gululo anawauza kuti akapume kunyumba, koma mapepala a nyimboyo awasiye mu ofesi kuti asungike bwino. Anasungikadi. Mu Ogasiti nyimbo ija inaimbidwa muholo yodzaza, ndipo papulogalamu dzina la woipeka linali la bwana. La malemu linali m'munsi, m'timalemba tosaoneka bwino, pamodzi ndi la wonyamula mipando.

Malemu anaimvera pawailesi ali m'chipatala, diripi ili pamkono, amuna awo ali pambali. Ine ndinalipo. Za dzina sanadandaule n'komwe. Chinawapweteka n'choti bwana anaithamangitsa nyimboyo ngati munthu wothawa mvula. Iwo ankagogoda bulangete ndi chala, kuyesa kuibweza m'malo mwake, misozi ili chuchuchu. Anangoti, "Akuthamangira kuti? Wotchi ya bambo sinkathamanga." Wa komiti ngakhale mmodzi sanaponde m'wodi muja. Malemu anamwalira pa 2 Okutobala 2024, ali ndi zaka 31.

Dzulo a komiti anatipeza ndi nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thirakitala. Anapempha kuti bwana aimbitse nyimbo ija pano, polemekeza malemu. Tinati tiyankha pagulu, ndipo sitipsatira mawu. Munawadyera masuku pamutu ali moyo, simuwadyeranso ali m'bokosi. Ndife okwiya, ndipo manyazi tilibe nawo mkwiyowu. Maluwa anu talandira, poti maluwa sanalakwe. Koma bwana, kandodo kanu koimbitsira kabwezereni m'thumba, mukhale pansi, mumve mmene mwini wake anailembera nyimboyi.

Malemu asiya amuna awo, mwana mmodzi, mayi athu, alongo awiri ndi mkulu wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino amene anatibwereka wailesi ija, aneba amene ankatilerera mwana ife tili kuchipatala, ndi oimba amene ankabwera kudzazonda mozemba, poopa kuchotsedwa ntchito.

Inu oimba, tulutsani zida zanu. Nyimbo mukuidziwa, ndipo amene anaipeka mukuwadziwa. Sipoko ija taiika m'manja mwa mwini wake, apita nayo. Kutsogolo kwanu kusaime munthu. Kokani mpweya limodzi monga anakuphunzitsirani, ndipo musathamange.

A Khutu, mlongo wanga, tcherani khutu komaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.