Telala Wameta Timakutu

Amayi awiri osadziwana ankadikira chapa, minibasi yopita ku Massangulo, pa Mandimba. Mmodzi ankaluka timaluwa ta ulusi ndi singano, nkhope atakwinya.

"Mayi, mpaka kulukira pamsewu? Changu chake n'chachiyani?"

"Ubatizo wa mdzukulu wanga ndi Lamlungu likubwerali. Ndinaluka timaluwa makumi atatu toika pakhosi pa chovala chake, miyezi iwiri yathunthu, mfundo imodziimodzi. Ndinakapereka kwa telala kuti angosokerera basi."

"Ndiye wataya?"

"Bola akanataya! Mukutiona timakutu tozungulira kaduwaka? Ndi timene timalumikiza kaduwa ndi kanzake. Iye watenga lumo n'kumeta tonse, ati ndi ulusi wotsalira. Timaluwa tangoyoyoka, iye n'kumati ndimuthokoze, wandikonzera!"

"Telala wake uti?"

"Wa kuseri kwa msika uja. Munthu wamkulumkulu, maso ali nawo!"

"Wadazi, wa magalasi omanga ndi waya?"

"Yemweyo. Mukumudziwa?"

"Ndi bambo a kunyumba kwanga amenewo. Chaka chatha anandimetera nsalu ya paguwa, n'kulumbira kuti sadzabwerezanso. Chapachi chizipita, mayi. Nyamukani, tikawaonere limodzi."