Tsiku Limene Amayi Anagwadira Chinsalu

Olemekezeka a Khansala a dera lino la Kawale. Olemekezeka a Wapampando a gulu la Tiwatchule Mayina, Mayi Jenifer Chimbalanga. Mafumu athu a m'tauni muno. Abusa ndi mashehe. Aphunzitsi anzanga, opuma ndi amene mukadali ndi choko m'manja. Agogo athu amene mwakhala kutsogolo kuno. Amayi ndi abambo a ku Biwi, ku Chinsapo, ku Mgona, ndi inu a ku Area 25 amene mwakwera minibasi ziwiri kuti mudzafike kuno, ndikupereka moni kwa inu nonse.

Ndiyambe ndi kuthokoza gulu limeneli, lomwe kwa zaka zitatu lakhala likulemba makalata kunja osatopa, mpaka lalandira makanema khumi ndi anayi amene azungu anajambula muno dziko lino likadatchedwa Nyasaland. Atandipempha kuti ndidzatsegule chionetserochi ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe, ndipo a Wapampando anadabwa, poti amandidziwa kuti ndine munthu wovuta. Musaseke kwambiri, ambiri mwa inu ndinakuphunzitsani ndine.

M'makanemawa muona maulendo. Muona mzungu ali gone pamachila, akatundu ali pamitu ya anthu, galimoto yotitimira m'matope pamsewu wa ku Dedza. Wofotokoza amatchula dzina la phiri, la mtsinje, la bwana, ngakhale la galu wa bwanayo, koma amene anasenza ulendo wonsewo paphewa amangowati anyamata, ena a iwo ali ndi imvi. Pali anzathu amene andifunsa kuti n'chifukwa chiyani tikuonetsa zinthu zotichotsa ulemu. Ndikuwamvetsa, inenso zimandiwawa. Koma makina ojambulira anali awo, nkhopezo ndi zathu, ndipo ine nkhope za makolo anga sindingazisiye m'kabati ya mwini.

Ndiloleni ndikuuzeni chimene ndinavomerera msanga.

Chaka cha 1971, ndili ndi zaka khumi, titangosamukira kumene kuno kuchokera ku Ntcheu, wansembe wina wachizungu anabwera ndi makina a kanema kutchalitchi kwathu. Linali Loweruka masana. Mazenera anawatchinga ndi mabulangete, pakhoma n'kupachika chinsalu choyera. Tikuonera, panatulukira amuna anayi onyamula machila akuwoloka mtsinje. Mwadzidzidzi amayi anga anakuwa: "Abambo! Awo ndi abambo anga!"

Agogo anga, a Gwanda, anapita kumigodi ku Joni amayi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sanabwerenso. Kalata ayi, chithunzi ayi, manda awo sitiwadziwa. Amayi anawazindikira ndi kayendedwe, chifukwa ankatsimphina mwendo wamanzere.

Tsono inu a ku Ntcheu mukudziwa. Mwana wamkazi sapereka moni kwa bambo ake ali chiimire, ndiponso sawayang'anitsitsa m'maso. Amayi anathamangira kutsogolo, anagwada, anaweramitsa mutu, nawomba m'manja mwaulemu wonse, amvekere, "Takuonani, Bambo." Podzutsa mutu, pachinsalu panali mvuu ikuyasamula.

Mukuseka. Sekani, nawonso anthu anaseka tsiku lija, ndipo ine, mwana wopusa, ndinachita manyazi n'kubisala kumbuyo kwa benchi. Amayi anapempha kuti kanemayo abwezedwe pang'ono. Wansembe anati makinawo sabwezedwa anthu ali pakati poonera, komanso m'mawa mwake anali ndi ulendo wopita kwina. Tinabwerera kunyumba. Titafika pakhomo m'pamene amayi anati, "Mwana wanga, ulemu wandimana abambo anga." Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zoposa makumi asanu, ndipo manyazi anga a tsiku lija ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Amayi ndi abambo, kanema uja wapezeka. Ali m'gulu la khumi ndi anayi aja. A Wapampando atandiitana kuti ndikaonereretu, ndinangoona mtsinje ukuyamba kuoneka n'kuwauza kuti azimitse, chifukwa si ine woyenera kuyamba kuwaona a Gwanda. Woyenerayo ndi awa akhala apa, Anachisale, amayi anga, a zaka 91. Diso lamanzere linatha ndi ng'ala, lamanja likadaona chinthu chikakhala pafupi, koma adokotala atiuza mosabisa kuti nalonso likupita. N'chifukwa chake mpando wawo tauika kutsogolo kuposa wa a Khansala, ndipo a Khansala atikhululukira.

Tsono chionetsero chino chili ndi lamulo limodzi, ndipo monga mphunzitsi wamkulu wopuma ndilinena kamodzi kokha. Aliyense amene wazindikira munthu, mudzi, mtengo kapena doko lowolokera, akweze dzanja. A Mcdonald, amene ali pamakina apo, aimitsa kanema pomwepo, ndipo dzinalo lilembedwa, kuti mawa mwana wa ku Chinsapo akadzaonera, adzawerenge pansi pa chithunzi kuti uyu anali uje, mwana wa uje, wa mudzi wakuti. Musaope kuti mwina mukulakwitsa, tidzafufuza limodzi. Paja mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Loweruka lililonse mwezi uno holo ino ikhala yotsegula, choncho bwerani ndi agogo anu, muwabereke ngati n'kofunika, pakuti amene angatchule mayinawa atsala ochepa ndipo maso awo sakudikira.

Amayi, ndalankhula ndi akuluakulu onse, tsopano ndilankhule ndi inu. Tiyamba ndi kanema wanu. Amuna anayi aja akafika pakati pa mtsinje, musadzivute n'kukweza dzanja, a Mcdonald akudziwa kale. Gwadani monga anakuphunzitsirani, ombani m'manja, perekani moni wanu wonse mosafulumira. Mukadzutsa mutu muwapeza abambo anu ali pompo, akukudikirani.

Ndi mawu amenewa, ndi mtima wodzala ndi chimwemwe, ndikulengeza kuti chionetsero cha makanema akale cha gulu la Tiwatchule Mayina chatsegulidwa tsopano. Tsekani makatani, a Mcdonald yatsani makina.

Zikomo kwambiri.